Bala la Mbedza Pakamwa pa Soi

Nambala inatuluka pa makina oyezera nsomba Lachinayi m'mawa: mazana asanu ndi anayi.

Setsuko Niitsuma anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi epuloni, n'kuvalanso. Nambala sinasunthe. Malire amene boma linaika kuti nsomba idyedwe ndi mabekerelo zana limodzi a poizoni wa nyukiliya pa kilo, ndipo kwa zaka zitatu nsomba za padoko lathu la Okitsura zinkatuluka zoyera, moti amayi oyezawo anali atayamba kubwera ndi zoluka kuti asamawodzere. Lero poizoni uja, amene saoneka, sanunkha ndiponso samveka palilime, anali atabwerera ndi ukali.

Kachipinda koyezerako kali pamwamba pa shopu yakale ya tofu, chakudya chopangidwa kuchokera ku soya. Amayi a m'tauni anakatsegula patatha chaka chiphulikire fakitale ya magetsi a nyukiliya kumpoto kwa gombe, atatopa ndi amuna ovala mataye owauza kuti asade nkhawa. Kampani ya fakitaleyo sankaikhulupirira, boma ankalimvera ndi khutu limodzi, koma makina awo ankawalumbirira. Setsuko ndiye anali mkulu wawo, mayi wa pakamwa pouma amene anabwezapo bwana wa kampani pamasitepe chifukwa chofuna kulowa ndi nsapato.

Anatembenuza chitini cha nsomba yogayidwa n'kuwerenga pepala lomatapo, lonena mtundu wa nsomba, msodzi ndi tsiku. Soi wachiwiri, bwato la Hangai Tokuji, Lachitatu. Soi woyamba, wa ukonde womwewo, anali atatuluka wopanda kanthu.

Apa m'pamene anakumbukira. Dzulo pa chakudya chamadzulo kwawo anadya soi. Mwamuna wake, a Genzo, ananena monga ankanenera Lachitatu lililonse kuti, "Hangai watipatsa." Mpongozi wake Mizuho anaphika nsombayo mu msuzi wa soya, ndipo mdzukulu wake Kaho, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anadya mpaka kunyambita timitengo todyera. Setsuko ndi dzanja lakelake anamuchotsera mnofu wa patsaya n'kumuikira pa mpunga.

Chitseko chinatseguka. Analowa a Yomogida, mtsogoleri wa gulu lokana zoti madzi oipitsidwa osungidwa ku fakitale ija azithiridwa m'nyanja, atapanira zikwangwani m'khwapa. Madzulo a tsiku lomwelo kunali msonkhano mu holo ya tauni, ndipo akuluakulu a kampani ankabwera. Maso awo atagwera pa nambala ija, zikwangwani zinagwa pansi.

"Niitsuma-san! Izi n'zoona? Ndiye lero tawapeza! Ndiilemba ndi penti yofiira, aione asanakhale pansi."

"Mukailemba, mawa msika wonse utsekedwa, ndipo a Hangai sadzagulitsanso ngakhale mchira wa nsomba."

"Nanga tibise? Ife tibise, ngati iwo aja?"

"Sindinabisepo nambala chibadwire. Koma nsomba ziwiri za ukonde umodzi, ina yoyera ina yotere, sizimveka. Makiyi a chipinda chino alipo atatu: anga, a mayi Kuchiki ndi anu. Dzulo masana munali kuti?"

A Yomogida anafiira mpaka m'makutu. Anatulutsa tikiti ya sitima n'kuiponya patebulo, kenako foni yokhala ndi zithunzi. Tsiku lonse anali kumzinda waukulu kukapereka masiginecha, ndipo anabwera ndi sitima yomaliza.

"Ndikupatsani mpaka faivi koloko," iwo anatero akutola zikwangwani. "Ikangokwana, nambala imeneyi ndi ya anthu."

Setsuko anafuna kuimbira sukulu kuti mwana amutulutse m'kalasi. Koma akanati chiyani? Akanamusanzitsa chakudya cha dzulo? Madzi akatayika sawoleka. Anatseka chitseko n'kutsika.

* * *

Mayi Tomie Kuchiki anawapeza kuseri kwa nyumba yawo akuyanika nsomba pa waya. Anagwira ntchito yotumbula nsomba pamsika kwa zaka makumi anayi, ndipo mpeni wawo ndi pakamwa pawo zinkathamanga mofanana.

"Setchan," iwo anamuitana Setsuko monga mwa chizolowezi, "nkhope imeneyo bwanji? Kwagwa maliro? Usandiuze kuti ndi mkulu wa pa famase uja, ndinamuona Lolemba akutsokomola, ndinanena ine..."

"Tomie-san, nsomba za a Hangai dzulo anazilandira ndani?"

"Ine, nanga ndani? Iwe unali kugombe kukatapa mchenga wako uja. Anabwera nazo yekha m'bokosi la ayezi, ziwiri, zonenepa ngati ana a bwana, n'kundinyoza kuti ndakalamba. Ndinamuuza kuti iye ndiye wakalamba, makutu ake amera tsitsi."

"Munatumbula zonse ziwiri?"

"Imodzi. Ndinaidula mutu, kuchotsa mnofu, kugaya, kuika m'chitini, mutu m'thumba n'kuuponya m'firiji monga mwa lamulo lako lija, loti mitu ndi minga tizisunga. Kenako bondo langali linayamba zake. Ndinatsika kukagula zomata pabondo ku famase, ndiye ukudziwa mkazi wa pa famase uja akayamba kulankhula."

"Munakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Aa, pang'ono. Mwina ola." Anaseka. "Pobwera ndinapeza mpongozi wako wamaliza yachiwiri, wapukuta ndi tebulo lomwe. Mwana wabwino ameneyo, Setchan, kungoti mpeni amaugwira ngati akudula nkhuni. Anthu a kumapiri, ungawatani."

"Panalowa munthu wina?"

"Ine sindinaone. Kodi chachitika n'chiyani?"

Foni inali kulira m'thumba mwa Setsuko, ndipo atayankha anamva mawu a Hangai akubangula: nkhani inali itafika kale padoko, ndipo iwo anali pakhomo pa chipinda choyezera, akumenya chitseko ndi chibakera.

* * *

A Hangai Tokuji ndi munthu wamfupi wa mapewa otambalala, amene mawu ake amamveka kuchokera kumsika mpaka ku siteshoni. Analowa atavula jombo, chifukwa ngakhale mu ukali lamulo la Setsuko ankaliopa.

"Zaka khumi ndakhala ndikukubweretserani nsomba ndi manja angawa! Anzanga ankanditcha wopusa, amati azimayi amenewo adzakupachika. Lero ndi izi! Ukonde wanga ndimautchera kumwera, kutali ndi chifakitale chanucho. Ndipita kupolisi, ndikukuuzani, pali wina wandiseweretsa!"

"Khalani pansi, Hangai-san."

"Sindikhala! Ndionetseni mutu wake. Nsomba yanga ndimaidziwa ngati mwana wanga."

Setsuko anatsegula firiji n'kutulutsa matumba awiri. A Hangai anatenga mutu woyamba, n'kuupukuta chisanu ndi chala chachikulu. Pamwamba pa diso lamanzere panali kabowo kozungulira.

"Mwaona? Nsomba ikangotuluka mu ukonde ndimaibaya apa ndi chisonga, kuti ife nthawi yomweyo isanavutike, kenako ndikhetse magazi. Anzanga amabaya kumanja. Ine ndine wamanzere, bambo anganso anali amanzere. Ndipo onani mzere uwu pakhosi, m'mene ukonde unaipana. Uyu ndi wanga."

Anatenga mutu wachiwiri. Anautembenuza uku, n'kuutembenuza uko. Kenako analowetsa chala m'kamwa mwa nsombayo n'kukoka mlomo wa m'munsi. Unali wong'ambika.

"Palibe bowo. Palibe mzere. Maso afiira magazi, inafa yokha ikuphiriphitha m'ndowa." Mawu awo anatsika. "Ili ndi bala la mbedza, Niitsuma-san. Ine mbedza ndinaigwira komaliza ndili mwana wa sukulu. Soi wamkulu chonchi wogwidwa ndi ndodo, pagombe lino malo ake ndi amodzi okha: pa khoma lotchinga mafunde la ku Ukedomari, pafupi ndi doko la fakitale. Kumene kuli koletsedwa kuja. Nsomba za kumeneko zakalamba popanda wozigwira."

Setsuko anakhala pampando n'kupuma mpweya umene anaugwira kuyambira m'mawa. Misozi inalengeza, ndipo anayamba kuseka ngati wopenga.

"Ndiye kuti nsomba zanu n'zoyera. Mulungu wanga! Ndimafa ndi mantha chifukwa cha ija munapatsa a Genzo dzulo. Kaho anadya theka lonse."

A Hangai anamuyang'ana atakwinya pamphumi.

"Genzo? Ine Genzo sindinamupatse nsomba. Ndimamuitana kuti adzatenge, amakana. Padoko sanapondepo phazi zaka ziwiri tsopano."

* * *

Kuchokera ku shopu ya tofu kukafika kwa a Niitsuma ndi mphindi khumi. Setsuko sanadziwe kuti anayenda bwanji. M'mutu mwake munkangobwera mbale ya dzulo. Mutu wa soi uja unali m'mbalemo, chinthu chimene Mizuho sankachita, popeza nthawi zonse ankaphika minofu yokha. Ndipo pochotsa mnofu wa patsaya, timitengo take tinakhudza kabowo pamwamba pa diso lamanzere. Iye anayamikira kuti lero nsomba yakoma, ilibe fungo la magazi. A Genzo anayang'ana mutuwo n'kusiya kudya.

Anapeza Mizuho kukhitchini akutsuka mpunga. Mtsikanayu anakwatiwa kuchokera kumidzi ya kumapiri, wolankhula motsitsa, ndipo mwamuna wake, mwana wa Setsuko, ankagwira ntchito kumzinda n'kumabwera kawiri pamwezi. Setsuko anaika thumba la mutu wa bala la mbedza uja pa sinki.

"Mkazi wa padoko amadula mutu mopendeketsa, kutsata chipsepse. Uwu wadulidwa molunjika. Mizuho, wadula ndiwe."

Madzi anapitiriza kuthira mu mpunga mpaka kusefukira. Mizuho anatseka mpopi, n'kugwada pansi, chipumi chake chikugunda matabwa.

"Pepani, amayi. Ndikhululukireni."

"Dzuka. Sindikufuna kupepesa, ndikufuna kumva."

"Dzulo masana abambo anabwera ndi soi uyu. Ndinamuika m'chikwama changa n'kupita naye kuchipinda. Mayi Kuchiki atatsika, ndinamugaya m'malo mwa wachiwiri wa a Hangai. Wa a Hangaiyo ndi amene ndinaphika madzulo. Kaho dzulo anadya nsomba yabwino, amayi, ndikulumbira."

"Unadziwa bwanji?"

"Mwezi watha ndinapeza mbedza m'mmero mwa nsomba. Ine za nyanja sindizidziwa, koma ndimamva a Hangai akudzitama kuti iwo ndi a ukonde. Kenako ndikutsuka galimoto ndinapeza ndodo pansi pa mpando, yokulungidwa m'bulangete. Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse ndimanama kuti Kaho m'mimba mukumupweteka, n'kumuphikira dzira. Inu munandikalipiranso kuti ndikumulekerera mwana."

Setsuko anakumbukira. Anamukalipiradi, pamaso pa mwana.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinafunsa abambo mwaulemu. Anati, mwana wa kumapiri udziwa chiyani za nsomba. Ndinaimbira bambo a Kaho, anati usawachititse manyazi bambo anga, anataya kale zambiri. Ndiye ine, mpongozi wodya mpunga wa nyumba ino, ndiime pamaso panu n'kunena kuti amuna anu akunama? Mukanandimvera?" Anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. "Inu mumamvera makina, amayi. Ndinati makinawo akuuzeni. Dzina la abambo sindikanatha kulilemba pa pepala. Sindinaganize zoti ndikuwononga a Hangai, ndimangoganiza za mwana wanga."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Setsuko anali atayeza nsomba za tauni yonse, mpunga wa masukulu, mkaka, mchenga wa pabwalo la ana, mpaka fumbi la m'nyumba za eni. Mbale ya pakhomo pake yokha ndi imene sanaiyezepo, chifukwa inkabwera ndi mwamuna wake. Manyazi anamugwira, koma mantha ndiwo anakula.

"Usanapeze mbedza ija, Kaho wadya kangati?"

Mizuho anadzuka pansi paja. Anangoloza kalendala ya pakhoma, yosonyeza nthawi zokwera ndi kutsika kwa nyanja, imene a Genzo ankazunguliza Lachitatu lililonse ndi pensulo.

* * *

A Genzo anali m'kashedi ka kuseri, atakhala pa bokosi, akukonza chingwe chopanda ntchito. Bwato lawo linapita ndi mafunde aakulu a chivomerezi amene anawononga fakitale ija, ndipo itaphulika mudzi wawo wa Ukedomari unatsekedwa ndi mpanda. Lachitatu ankati amapita kukasesa manda a makolo, ndipo chilolezo cha zimenezo anali nachodi.

Setsuko anaika mutu wa soi pa bondo lawo.

"Bambo, a Hangai akuti moni."

Iwo anayang'ana mutuwo.

"Ndinadziwa dzulo," anatero. "Nditaona bowo lija m'mbale ndinadziwa kuti Mizuho wandigwira."

"Manda aja mumasesa ndi mbedza?"

"Ndimasesa. Ndikamaliza ndimatsika. Pali malo pamene mpanda unagwa." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Pa khoma limenelo m'pamene bambo anga anandiphunzitsa kuwedza, Setsuko. Madzi ake ndi oyera mbee, umaona mpaka miyala ya pansi. Tsiku loyamba ndinangoponya kuti ndimve m'manja. Inagwira. Nsomba ukaipha suitaya, iwenso ukudziwa. Nditafika nayo pano, Kaho anawomba m'manja n'kunena kuti agogo abwera ndi nsomba. Zaka zonsezi palibe chimene ndinabwera nacho pakhomo pano. Ndimangodya."

"Ndiye munati n'za a Hangai."

"Ndikanati n'zanga ukanaziyeza."

"Ee, ndikanaziyeza!"

"Iwe wekha umanena patebulo pano kuti nyanja yachira, nambala zonse zikutuluka zoyera. Ndinati ngati kumwera kwachira, kwathunso..." Kenako anafunsa chapansipansi, "Yatuluka zingati?"

"Mazana asanu ndi anayi."

Chingwe chinagwa m'manja mwawo. Setsuko anaona milomo yawo ikuyenda, akuwerenga ma Lachitatu a zaka ziwiri, n'kusokoneza, n'kuyambiranso. Iye ankadziwa zimene mabuku amanena, kuti nsomba imodzi sipha munthu, kuti thupi limatulutsa poizoniyu pang'onopang'ono. Mawu amenewa anawanenapo kwa amayi ambiri olira m'chipinda chake chija. Lero anayesa kudziuza yekha, ndipo sanalowe.

Kunja kunamveka belu la pachikwama cha sukulu ndi timapazi tothamanga pamiyala.

"Ndabwera! Agogo, muli kushedi? Nsomba ya dzulo ija yatsalako?"

A Genzo anabisa mutu uja kumbuyo kwawo ngati wakuba. Mizuho anatuluka msanga n'kumutengera mwanayo m'nyumba. Mkulu uja, amene sanalire ngakhale tsiku limene anapeza chidutswa cha bwato lake m'munda wa mpunga, anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka.

Setsuko anawasiya alire pang'ono. Wotchi inali itadutsa folo koloko.

"Mawa m'mawa tonse anayi tikupita kuchipatala, akatiyeze thupi lonse pa makina aakulu aja. Kaho ayambe. Muyendetsa ndinu, ndipo akafunsa chifukwa chake mumuyankha ndinu."

"Ndamva."

"Koma lero kuli msonkhano. Nambala iyi inenedwa, chifukwa anthu ayenera kudziwa chimene chikusambira pa khoma lija, ndipo kampani iyankhe chifukwa chake mpanda wake uli pansi. A Yomogida apaka penti yawo yofiira. Chimene sindilola n'chakuti pansi pa nambalayo pakhale dzina la a Hangai."

A Genzo anachotsa chipewa kumaso. "Setsuko, holo yonse? Anzanga onse a padoko adzakhala pomwepo. Ndipo iwe, adzati mkulu woyeza nsomba wadyetsa mdzukulu wake..."

"Adzatero. Ndipo sadzanama."

Anatulutsa m'thumba la epuloni pepala latsopano lomata pa chitini, ndi cholembera. Mizere iwiri anali atalemba kale ndi dzanja lake: Soi. Khoma la Ukedomari, Lachitatu. Mzere wachitatu, wa dzina la msodzi, unali wopanda kanthu.

Zaka khumi ndi zingapo a Genzo ankalakalaka kuona dzina lawo pa mzere umenewo. Analandira cholembera, n'kutsamiritsa pepala pa bondo, ndipo analemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzi chimodzi.